Nkhokwe ya Chimanga Imene Inasanduka Nyumba ya Zaluso ku Cape Town

Aliyense amene anakulira pakhomo pokhala ndi nkhokwe amadziwa kuti nkhokwe ikatha ntchito sichedwa kugwetsedwa, nsungwi zake n'kupita pamoto, ndipo pofika nyengo yokolola pamalopo pamakhala pataima ina yatsopano. Padoko la mzinda wa Cape Town, m'dera lotchedwa V&A Waterfront, pali nkhokwe ya simenti imene inasiya kusunga mbewu m'chaka cha 2001 koma sinagwetsedwe. Inakhala yotseka kwa zaka zingapo, nkhunda ndi mbalame za kunyanja zitaisandutsa pogona pawo, kufikira pamene anaisema m'kati ndi kuitsegulanso pa 22 September 2017 monga nyumba yoonetseramo luso la makono la anthu a mu Africa, yotchedwa Zeitz MOCAA. Ndapitako katatu pa zaka zimene ndakhala ndikugwira ntchito mumzindawu, ndipo ulendo wachitatu ndinali ndi amalume anga, amene akhala mmisiri womanga nyumba ku Blantyre kwa moyo wawo wonse ndipo anabwera kudzationa. Zambiri zimene ndilembe pano ndinaziona bwino pa ulendo umenewo, chifukwa maso a mmisiri amaima pamalo pamene ife ena timangodutsa.

Nkhokweyi anamaliza kuimanga m'chaka cha 1924, ndipo pokhala yotalika mamita 57, inali nyumba yaitali kuposa zonse kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kwa zaka zambiri. Chimanga ndi mbewu zina zinkabwera pa sitima yapamtunda kuchokera kuminda ya m'kati mwa South Africa, n'kukwezedwa ndi makina kufika pamwamba pa nsanja, kumene ankaziyeza kulemera kwake ndi kuzisankha asanazitsanulire mosungira. Zikafuna kutumizidwa kunja, ankazitulutsira pansi ndipo malamba a makina ankazinyamula kukafika nazo ku sitima zapamadzi. Mbali yosungira mbewuyo sinali ndi zipinda ayi. Inali migolo ikuluikulu ya konkire yokwana 42, yoimikidwa mothithikana ngati nsungwi zomangidwa mtolo umodzi, uliwonse wotalika mamita 33 ndipo pakamwa pake potambalala pafupifupi mamita asanu ndi theka. Munthu sakadayendamo, kuwala kwa dzuwa sikunkalowamo, ndipo panalibe khoma lathyathyathya ngakhale limodzi lopachikapo chithunzi. Kunena zoona, pa nyumba zonse zakale za padokopo, imeneyi ndiyo inali yovuta kwambiri kuisandutsa china chilichonse.

Ntchito yokonza mapulani inapatsidwa kwa kampani ya Thomas Heatherwick ya ku London, ndipo chimene iwo anachita ndicho chifukwa chachikulu chimene ndikulimbikitsira munthu aliyense kupitako. Anatenga njere imodzi ya chimanga, mbewu yomweyo imene inkasungidwa m'menemo, n'kuijambula ndi makina a kompyuta mbali zake zonse, kenako n'kukulitsa maonekedwe akewo mpaka kufika mamita 27 kutalika. Atatero anadula migolo ya pakati motsatira maonekedwe a njereyo, ngati mmene munthu amakombera m'kati mwa dzungu osaphwanya chikopa chake. Chotsatira chake n'chakuti ukangodutsa pamalo ogulira matikiti, umapezeka utaima pansi pa phanga lalikulu lowala, ndipo ukakweza maso umaona migolo yodulidwa ija ikulendewera pamwamba pako, uliwonse utadulidwa pa msinkhu wakewake, pakamwa pake pali pozungulira motalika ngati dzira. Pamwamba penipeni anatsekapo ndi magalasi, kotero kuwala kwa dzuwa kumatsika m'migolomo n'kufika pansi kuli kofewa. Zithunzi za malowa zili ponseponse pa intaneti, koma palibe chithunzi chimene chimakupatsa kulemera kumene umamva poima pansi pa konkire yambiri chotero imene ikuoneka ngati ilibe chochirikiza.

Amalume sanayang'ane m'mwamba kwa nthawi yaitali. Iwo anapita molunjika pamene m'mphepete mwa mgolo wodulidwa mumatsikira pafupi ndi pansi, n'kuyamba kusisita ndi chikhatho. Anandiitana nati, "Mphwanga, tabwera udzaone, apa pali makoma awiri, osati limodzi." Ndinaweramira pafupi ndipo ndinaonadi mzere wolekanitsa konkire yakale ndi yatsopano. Yakaleyo ndi yoderako, yodzaza ndi miyala ya misinkhu yosiyanasiyana imene macheka anaidula pakati n'kuisalaza mpaka kumanyezimira, pamene yatsopanoyo ndi yoyererako ndi yosalala mofanana paliponse. Chifukwa chake n'chakuti makoma a migolo yakale anali opyapyala, mamilimita 170 okha, ndipo ankalimba chifukwa chakuti anali ozungulira ndi ogwirana wina ndi mnzake. Kuwadula mmene analili kukadagwetsa nyumba yonse. Choncho amisiri anayamba athira khoma latsopano la konkire yokhala ndi zitsulo m'kati mwa mgolo uliwonse wofunika kudulidwa, khomalo litaumbidwa kale motsatira maonekedwe a njere ija, ndipo litauma ndi pamene anadula khoma lakale motsatira m'mphepete mwa latsopanolo. Amalume anaima pamenepo kwa kanthawi ndithu, akulondola mzerewo ndi chala, ndipo anandifotokozera kuti kumanga chinthu chatsopano pa malo opanda kanthu n'kosavuta poyerekeza ndi kulowa m'ntchito ya mmisiri wina amene anamwalira kalekale, amene sungamufunse kuti anathira simenti yochuluka bwanji kapena anaika zitsulo pati.

Chimene ndimayamikira kwambiri n'chakuti okonza nyumbayi sanabise mzere umenewo. Akadatha kupaka pulasitala ndi penti kuti zonse zioneke zatsopano, monga mmene timachitira kawirikawiri tikamakonza nyumba yakale, koma iwo anasiya chilonda cha macheka poyera kuti mlendo aone pamene ntchito ya 1924 ikuthera ndi pamene ya masiku ano ikuyambira. Maganizo omwewo akuonekanso m'njira zokwerera pamwamba. Migolo ina ya m'mbali mwa phanga lija anaisandutsa njira za zikepe zozungulira zamagalasi, zimene zimakwera ndi kutsika anthu ali kuonekera m'katimo, ndipo mu mgolo wina anaikamo masitepe achitsulo opota ngati chigoba cha nkhono. Palibe chimene anachiwonjezera kunja kuti zinthu zimenezi zipeze malo, zonse zinalowa m'mipata imene nkhokwe inali nayo kale. Amene ali ndi vuto la miyendo kapena akukankha mwana pa kangolo angathe kufika pa nsanjika iliyonse pogwiritsa ntchito zikepezo, ndipo amalume, amene mawondo awo sakulimbanso monga kale, sanavutike kulikonse.

Mlendo asaiwale kutsikira kunsi kwenikweni kwa nyumbayi, kumene anthu ambiri safikako chifukwa amathamangira kukwera pamwamba. Kumeneko kuli tinjira tatifupi ta pansi pa migolo, mmene munkadutsa malamba otulutsa mbewu, ndipo zitsulo zina zakale za pakamwa potsanulira chimanga zidakalipo pamalo pake. Kumakhala kozizira ndi kwabata, ndipo ndi kumene munthu amamvetsa bwino kuti nyumbayi inali makina aakulu ogwira ntchito usana ndi usiku, odzaza fumbi la chimanga ndi phokoso. Ine pamalo pamenepa ndi pamene ndinaganizira za anthu amene ankagwira ntchito padokoli, ambiri a iwo anthu akuda olandira malipiro ochepa m'nthawi ya tsankho, amene sakadalota n'komwe kuti zidzukulu zawo zidzalowa m'nyumba yomweyi kudzaona zithunzi zojambulidwa ndi anthu a khungu lawo. Ndikadakonda kuti mbiri ya anthu amenewa ikhale ndi malo aakulu ndi okhazikika kunsi kumeneku, popeza makoma okha amanena za simenti ndi makina koma satchula manja amene ankazigwira.

Zipinda zoonetseramo luso zilipo pafupifupi 80, ndipo zonse pamodzi zimatenga malo okwana masikweya mita 6,000 m'nyumba ya nsanjika zisanu ndi zinayi. Pano maganizo anga ndi ogawanika. Kuti apeze zipindazi, amisiri anachotseratu migolo ya m'kati mwa mbali zina n'kusiya khoma lakunja lokha, ndipo m'malomo anamangamo zipinda za makona anayi, zoyera mbee, zambiri zopanda mawindo. Ukalowamo umaiwala msanga kuti uli m'nkhokwe, chifukwa zipindazi zikadatha kukhala mumzinda wina uliwonse wa padziko lapansi. Chifukwa chochitira zimenezi ndikuchimvetsa. Zithunzi za penti, nsalu ndi mapepala zimawonongeka ndi dzuwa, chinyezi ndi mpweya wamchere wa kunyanja, ndipo nyumba zina zosungira luso sizingabwereketse katundu wawo wamtengo wapatali kumalo kumene kutentha ndi chinyezi sizikulamulidwa mosamala. Komanso wojambula amafuna kuti maso a mlendo akhale pa ntchito yake, osati pa khoma. Ngakhale zili choncho, nditayenda m'zipinda khumi kapena kuposerapo zofanana msinkhu ndi maonekedwe, ndinayamba kutopa ndi kusokonezeka kuti ndadzera kuti, ndipo mtima unkangofuna kubwerera kuphanga lija. Langizo langa n'lakuti munthu asayese kumaliza zonse tsiku limodzi. Ndi bwino kusankha nsanjika ziwiri kapena zitatu, kuziona modekha, ndi kumatulukira pakhonde loyang'ana m'phangamo kuti maso apume.

Za luso lenilenilo sindinganene kuti mudzapeza chakutichakuti, popeza zoonetsedwa zimasinthidwa pakapita miyezi. Dzina la nyumbayi likuchokera kwa Jochen Zeitz, munthu wa ku Germany amene anali mkulu wa kampani ya Puma, yemwe anabwereketsa zithunzi ndi zosema zimene anasonkhanitsa kuti zikhale poyambira. Kuyambira m'chaka cha 2019 nyumbayi inkatsogoleredwa ndi Koyo Kouoh, mayi wobadwira ku Cameroon, amene anamwalira mu May 2025, ndipo m'nthawi yake kunachitika zinthu ziwiri zimene ndimazikumbukira. Choyamba chinali m'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa malo ambiri, pamene anapempha anthu wamba a mu Cape Town kuti abweretse zithunzi ndi zopangapanga za m'nyumba zawo, ndipo zinthu pafupifupi 2,000 zinapachikidwa pamakoma, za ana asukulu moyandikana ndi za akatswiri odziwika. Chachiwiri chinali chionetsero chachikulu chimene chinatsegulidwa kumapeto kwa 2022, chosonkhanitsa zithunzi za zaka zana zimene anthu akuda anajambula anthu akuda anzawo akupuma, akuvina, akupemphera kapena akungocheza pakhomo. Luso la makono silimveka msanga nthawi zonse, ndipo amalume anadutsa zipinda zina za makanema osaima n'komwe, koma pa ntchito zopangidwa ndi manja, za nsalu, mikanda, mphira ndi zitsulo, ankaima n'kumafunsa kuti zinalumikizidwa motani. Ogwira ntchito m'zipindamo, ambiri a iwo achinyamata, ankawayankha mwaulemu ndi moleza mtima, ndipo mmodzi anatilondolera kuchipinda chimene tikadachiphonya.

Pamwamba pa migolo pali bwalo lapanja loikapo zosema, ndipo pansi pake ndi magalasi aja amene amalowetsa kuwala m'phanga. Munthu amayenda pamwamba pa magalasiwo akudziwa kuti pansi pa mapazi ake pali dzenje lakuya, ngakhale kuti zizindikiro zojambulidwa pagalasipo, zochokera ku ntchito ya El Loko wa ku Togo, zimachepetsako chizungulire. Pa nsanjika yomweyo pali malo odyera, kumene maso amaona phiri la Table Mountain mbali ina ndi doko mbali inayo, sitima zosodza ndi zonyamula katundu zidakagwirabe ntchito chapafupi pomwepo. Ife tinangomwa tiyi, chifukwa mitengo ya zakudya m'dera lonse la Waterfront ndi ya alendo odzaona malo, ndipo munthu wolandira malipiro a wantchito wamba angachite bwino kudyeratu kunyumba.

Nkhani ya ndalamayi siyenera kulambalalidwa. Kukonza nyumbayi kunadya ndalama zokwana marandi 500 miliyoni, zimene analipira eni dera la V&A Waterfront, ndipo mbali ya pamwamba ya nsanja, kumene kale kunali makina okweza mbewu, anaisandutsa hotela ya zipinda 28 yotchedwa The Silo, imodzi mwa hotela zodula kwambiri mumzindawu. Mawindo ake otukumuka ngati matumba odzaza, amene anawalowetsa m'mipata ya mizati yakale ya konkire, ndiwo amapatsa nyumbayi nkhope imene imadziwika nayo, makamaka usiku magetsi akayaka. Ndi okongoladi, koma munthu sangalephere kuona kuti pamwamba pa nyumba yonena za luso la Africa pamagona anthu olipira usiku umodzi ndalama zimene wantchito wa m'munda kapena wa m'nyumba sazipeza pa miyezi ingapo. Umu ndi mmene ntchito zambiri zokonza nyumba zakale m'mizinda zimayendera: ndalama zimapezeka pokhapokha malowo akakhala okopa anthu olemera, ndipo dera limene kale linali la anthu ovala maovolosi limasanduka la masitolo odula ndi maofesi. Sindikuganiza kuti yankho likadakhala kuisiya nkhokweyi kuti igwe yokha kapena kuigumula, koma amene akufuna kutengera chitsanzochi kwina ayenera kudzifunsa msanga kuti chitseko chidzatsegukira yani.

Mbali ya funso limeneli oyendetsa nyumbayi anayesetsa kuiyankha, ndipo apa ndi pofunika kwa abale athu amene akugwira ntchito ku Cape Town. Tikiti ya munthu wamkulu si yotchipa, koma Lachitatu m'mawa, kuyambira 10 koloko mpaka 1 koloko masana, nzika za maiko a mu Africa zimalowa kwaulere zikaonetsa chiphaso kapena pasipoti, ndipo ana osakwana zaka 18 salipira. Ife tinapita Lachitatu ndi mapasipoti athu a Malawi, ndipo pakhomo anangowayang'ana n'kutipatsa matikiti popanda mafunso ena. Vuto lake n'lodziwikiratu, Lachitatu m'mawa anthu ambiri amakhala ali kuntchito, choncho mwayiwu umafuna kuti munthu akonzekere tsiku lopuma. Ndi nzeru kuyang'ana kaye pa tsamba la intaneti la nyumbayi musananyamuke, chifukwa maola ndi mitengo zimasintha. Kufikako n'kosavuta pa basi ya MyCiTi yopita ku Waterfront, ndipo nyumbayi ili pafupi ndi nsanja yakale ya wotchi, kufupi ndi pokwerera boti lopita ku Robben Island.

Tili pa bwalo la pamwamba lija, amalume anayamba kutchula nyumba zakale za kwathu zimene zinapulumuka chifukwa chopatsidwa ntchito ina. Anatchula Mandala House ya ku Blantyre, imene inamangidwa m'chaka cha 1882 monga nyumba ya oyang'anira kampani ya African Lakes, ndipo pambuyo pake pansi pake panakhala malo oonetsera zaluso ndi omwera khofi, pamene pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi. Anatchulanso nyumba ya ku Zomba ya m'chaka cha 1886, imene inali ya woimira boma la Britain ndipo inadzasanduka Hotel Masongola. Nyumba zimenezo zinali kale ndi zipinda, makonde ndi mawindo, choncho kuzisintha sikunafune macheka a konkire kapena ndalama za mamiliyoni mazanamazana. Nkhawa ya amalume inali pa nyumba zopanda mbiri yotchuka, monga mashedi akale osungiramo katundu m'mbali mwa njanji ku Limbe ndi masitolo akale a njerwa zootcha m'matauni athu, amene makoma ake adakali olimba koma amagumulidwa mwakachetechete chifukwa palibe amene anawayeza n'kuona chimene angakhale. Anati shedi yaitali ya denga lalitali ingathe kukhala msika wosanyowa nthawi ya dzinja, malo ophunzitsira achinyamata ukalipentala ndi kuwotcherera, kapena holo ya zisudzo, ndipo simenti ndi njerwa zimene zili kale m'makomawo ndi chuma chimene sichifunikanso kugulidwa kapena kuotchedwa ndi mitengo ina. Ndinagwirizana nawo, ngakhale ndikudziwa kuti nyumba yakale iliyonse imafuna kaye katswiri woona maziko ndi denga asanalowemo anthu.

Kwa munthu wokonda zomangamanga, wophunzira za mapulani a nyumba, kapena mmisiri wa njerwa ndi simenti, malo ano ndi oyenera kuwapatula tsiku, ndipo maola atatu aulere a Lachitatu ndi okwanira kuona phanga, kunsi, bwalo la pamwamba ndi zipinda zingapo. Kwa wofuna luso lokha, ulendo udzakoma kapena kuchepa mphamvu malinga ndi zimene zikuonetsedwa nyengo imeneyo, choncho ndi bwino kudziwiratu. Kwa makolo, ana amasangalala ndi zikepe zamagalasi ndi kuyenda pa galasi la pamwamba, koma zithunzi zina zimakhudza nkhani za nkhanza ndi za thupi, ndipo ndi bwino kholo kuyamba lasuzumira m'chipinda lisanalowetse ana aang'ono.

Tisanatuluke, amalume anapempha kuti tibwererenso pamalo paja pamene makoma awiri akumanirana. Anatulutsa foni yawo, n'kuika chala chawo pamzerewo kuti kukula kwake kuoneke, ndipo anandiuza kuti ndiwajambule pafupi kwambiri, miyala yodulidwa ija ioneke bwino, chifukwa ankafuna kukaonetsa anyamata amene amagwira nawo ntchito ku Ndirande.